Kasewero Kamachokera kwa Osewera: Mafunso ndi Mayankho pa Ntchito ya Kochi wa Basketball m'Makoleji a ku Copperbelt

Kodi "kasewero" ndi "mfundo" za kochi wa basketball n'zosiyana bwanji?

Kasewero ndi dongosolo limene osewera asanu amatsata m'bwalo: malo amene aliyense amaima timu ikakhala ndi mpira, njira imene mpirawo umadutsa kuti ukafike kwa woponya, liwiro limene timu imachokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndiponso mmene imatchingira dengu lake mpira ukakhala m'manja mwa adani. Mfundo za kochi n'zozama kuposa pamenepo, chifukwa zimakhudza zimene iye amakhulupirira pa nkhani yophunzitsa munthu, monga ngati wosewera wolakwitsa ayenera kutulutsidwa nthawi yomweyo kapena kusiyidwa kuti adzikonze yekha, ngati timu iyenera kudalira katswiri mmodzi kapena kugawana mpira, komanso ngati kupambana kwa Loweruka lino n'kofunika kuposa kukula kwa wosewera amene adzafunike chaka chamawa.

Zinthu ziwirizi zimasokonezedwa kawirikawiri, ndipo kochi amene amaona ngati mizere imene amajambula pa bolodi ndiyo chikhulupiriro chake amaikakamira ngakhale osewera amene inkawayenera atapita kale. Ku koleji vutoli limakula, pakuti wophunzira amabwera, amakhala zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, n'kutenga digiri yake n'kumapita, kotero kuti timu imene kochi anaidziwa bwino chaka chatha imakhala itasintha nkhope chaka chino popanda iye kufunsidwa.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ikhudze Buchi, kumene mpira wamiyendo ndiwo uli m'magazi mwa anthu?

Buchi ndi komboni ya mumzinda wa Kitwe imene dzina lake limadziwika kwambiri chifukwa cha Kitwe United, timu ya mpira wamiyendo imene imasewerera pa bwalo la Garden Park ndipo anthu amaitcha Buchi Boys, monga mmene Wusakile imadziwikira ndi Nkana, ndiponso Ndeke ndi Power Dynamos. Mwana wokulira kumeneko amayamba kumenya mpira ndi phazi asanayambe sukulu, ndipo ngati ali mtsikana nthawi zambiri amayamba ndi netball, pamene basketball amakumana nayo mochedwa, mwina ku sekondale, mwinanso atafika kale ku koleji.

Mbiri ya migodi ili ndi gawo pa kuchedwa kumeneku. M'nthawi ya ZCCM, kampani ya boma imene inapangidwa mu 1982 ndipo kugulitsidwa kwa migodi yake kunatha mu 2000, migodi ndiyo inkasamalira makalabu, mabwalo ndi maholo a masewera m'makomboni a anthu ake monga Wusakile, Chamboli ndi Mindolo. Buchi, pamodzi ndi Kamitondo, Kwacha ndi Chimwemwe, inali ya khonsolo, choncho sinali pa mzere woyamba wa chuma chimenecho. Ndipo migodi itagulitsidwa, malo ambiri a masewera m'chigawo chonse anasowa wowasamalira, katundu wophunzitsa ana n'kugwera masukulu, mipingo, makoleji ndi anthu odzipereka. Apa m'pamene pamaonekera kufunika kwa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987 ndipo ili ku Riverside mu Kitwe momwemo, kumene timu ya CBU Comets imachokera, komanso kwa Mukuba University ndi Northern Technical College ya ku Ndola. Kochi wa ku malo ngati amenewa amalandira achinyamata a mphamvu ndi nzeru, koma ambiri a iwo matupi awo anaumbidwa ndi masewera ena, ndipo funso loyamba la ntchito yake ndi lakuti achite nawo chiyani.

Kodi pali umboni woti makochi otchuka anasinthadi kasewero kawo?

Umboni womveka bwino kuposa wonse ndi wa John Wooden wa yunivesite ya UCLA ku America, amene anatenga chikho cha makoleji a dzikolo kakhumi pakati pa 1964 ndi 1975. Anthu ambiri akamva chiwerengero chimenechi amaganiza kuti panali dongosolo limodzi lachinsinsi limene linkagwira ntchito chaka ndi chaka, pamene zoona zake n'zakuti timu zimenezo zinkasewera mosiyana kwambiri. Timu ya 1964 inalibe woyamba masewero wotalika kuposa mamita 1.96, msinkhu umene ndi wochepa pa mpikisano wa mtundu umenewo, ndipo m'malo modandaula, Wooden, molimbikitsidwa ndi womuthandiza wake Jerry Norman, anaiphunzitsa kupanikiza adani bwalo lonse, kutanthauza kuti otchinga sankadikira pafupi ndi dengu lawo koma ankayamba kutsekereza mpira ukangolowetsedwa kumene kuchokera kunja kwa mzere, awiri kutsogolo, awiri pakati ndi mmodzi kumbuyo. Timuyo inapambana masewero onse 30 a chaka chimenecho.

Patangopita zaka zochepa kunabwera Lew Alcindor, amene pambuyo pake anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar, wotalika mamita 2.18, ndipo Wooden anasiya chizolowezi chake choika wosewera wapakati kutali ndi dengu, pa mzere wa maponyedwe aulere, n'kumanga dongosolo latsopano loti mpira uzikafika kwa Alcindor ali pansi penipeni pa dengu. Ngakhale akuluakulu a masewerawa analetsa mu 1967 kulowetsa mpira m'dengu mochita kuukankhira kuchokera pamwamba, lamulo limene linakhalapo mpaka 1976, timuyo inatengabe zikho zitatu zotsatizana. Alcindor atachoka mu 1969, Wooden anabwerera ku dongosolo lake lakale, n'kudalira osewera a m'mbali monga Sidney Wicks ndi Curtis Rowe, ndipo anapambananso mu 1970 ndi 1971 katswiri wina wapakati, Bill Walton, asanabwere.

Chimene sichinasinthe zaka zonsezi ndi kaphunzitsidwe kake. Zokonzekera za tsiku lililonse zinkalembedwa pa timakadi mphindi ndi mphindi, osewera ankabwereza zinthu zoyambirira monga kaimidwe, kapatsidwe ka mpira ndi katembenukidwe mpaka zitakhazikika m'thupi, ndipo ophunzira atsopano ankaonetsedwa ngakhale kavalidwe ka masokosi kuti asatuluke matuza. Kwa kochi wa ku Kitwe, chaka cha 1964 n'chaphindu kuposa zaka za Alcindor, chifukwa timu ya anthu a msinkhu wamba ndi imene iye amakumana nayo nthawi zambiri.

Nanga malamulo a masewerawa amakakamiza bwanji kusintha?

Basketball inayambitsidwa ndi James Naismith mu Disembala 1891 ku Springfield, Massachusetts, ili ndi malamulo 13 okha, ndipo kuyambira pamenepo lamulo lililonse latsopano lakhala likupha kasewero kena n'kubereka kena. Dean Smith wa ku North Carolina anatchukitsa njira yotchedwa four corners, imene John McLendon, wophunzira wa Naismith mwiniyo, anali ataigwiritsapo ntchito kale: osewera anayi amaima m'ngodya zinayi za theka la bwalo, wachisanu n'kumayenda ndi mpira pakati, cholinga chili kudya nthawi timu ikakhala patsogolo. Mu 1982 North Carolina inagonjetsa Virginia 47–45 pa masewero omaliza a chigawo chawo atatha mphindi zambiri mpira ukungosungidwa, ndipo kudandaula kwa oonera kunathandiza kuti mu 1985 makoleji a amuna ku America aikidwe malire a masekondi 45 oti timu ikhale itaponya. Malirewo anatsika kufika pa 35 mu 1993 ndi pa 30 mu 2015. Mzere wa mapointi atatu unabwera mu 1986, ndipo pamene makochi ambiri akale ankaunyoza, Rick Pitino anaulandira msanga n'kufikitsa Providence, timu imene sinkawerengedwa, m'gulu la matimu anayi omaliza mu 1987.

Zambia imasewera ndi malamulo a FIBA, bungwe la dziko lonse lapansi limene linakhazikitsidwa mu 1932, ndipo malamulo amenewa ndi othina kuposa a makoleji a ku America. Kuyambira mu 2000 timu ili ndi masekondi 24 oti iponye ndi masekondi 8 oti iwolotse mpira pa mzere wapakati, masewero amagawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 10, mzere wa mapointi atatu unasunthidwa mu 2010 kuchoka pa mamita 6.25 kufika pa 6.75, ndipo kuyambira mu 2014 timu imene yatenganso mpira wake utagunda chitsulo cha dengu imapatsidwa masekondi 14 okha. Zotsatira zake n'zakuti dongosolo lodekha ngati limene Pete Carril ankaphunzitsa ku Princeton kuyambira 1967 mpaka 1996, la kupatsirana kambirimbiri mpaka wotchinga atasinza n'kumuzembera kumbuyo, silingakopedwe lonse ku Kitwe, chifukwa timu ikatha masekondi 6 kapena 7 kubweretsa mpira kutsogolo imatsala ndi nthawi yokwanira kuyesa njira imodzi ndi ina yongopulumukira basi.

Kodi kochi wa ku Copperbelt amasiyana pati ndi mnzake wa ku America?

Kusiyana kwakukulu ndi kwakuti wa ku America amasankha osewera pamene wa ku Copperbelt amalandira amene abwera. Yunivesite zikuluzikulu za ku America zimayendayenda kufuna achinyamata oyenerera kasewero ka kochi wawo n'kuwalipirira maphunziro, pamene wophunzira wa ku Copperbelt University amalowa chifukwa cha zotsatira za mayeso a giredi 12, kuti adzakhale injiniya, wowerengera chuma kapena dokotala, ndipo kutalika kwake kapena luso lake loponya zimangodziwika atafika kale.

Chachiwiri ndi adani amene amakumana nawo. Matimu a makoleji ku Zambia amakumana okhaokha pa masewera a mayunivesite, koma moyo wawo wa mlungu ndi mlungu uli m'maligi a makalabu, mmene muli amuna ndi amayi okhwima amene asewera limodzi zaka zambiri, ena a iwo ochokera ku matimu a asilikali monga Green Buffaloes kapena makalabu okhazikika monga Matero Magic ya ku Lusaka. Kuti timu ya yunivesite ingathe kuima nawo zinaoneka ndi UNZA Pacers, imene mu 2019 inaimira Zambia m'masewero opezera malo mu Basketball Africa League. Komabe mnyamata wa zaka 19 akalimbana thupi kwa thupi ndi bambo wa zaka 30 pansi pa dengu, nthawi zambiri amakankhidwira kunja, ndipo kochi wanzeru amafuna kuti nkhondoyo ichitikire kwina kumene miyendo yachinyamata ili ndi mwayi.

Chachitatu ndi bwalo ndi kalendala. Mabwalo ambiri ndi apanja, a simenti, pamene mvula ya ku Copperbelt imagwa kuyambira mu Novembala mpaka cha mu Epulo, nthawi zambiri masana kapena madzulo, pa nthawi imene ophunzira atuluka m'kalasi. Ndipo m'zaka za chilala ngati 2024, pamene madzi a ku Kariba anachepa magetsi n'kumazima maola ambiri, zokonzekera za usiku zinkavuta ngakhale kumene kuli denga. Kuwonjezera apo pali mayeso, tchuthi ndi miyezi yokaphunzira ntchito ku makampani, zimene zimachotsa osewera pakati pa ligi. Dongosolo lofuna kuti anthu asanu omwewo abwereze njira 20 zoloweza pamtima tsiku ndi tsiku limagwa mmodzi akangosowa. Chimene chimapirira ndi malamulo ochepa amene aliyense angathe kuwatsata pa malo alionse, monga akuti wopatsira mpira athamangire ku dengu, malo amene wasiya adzazidwe ndi mnzake wapafupi, ndiponso anthu awiri asaime pamodzi. Masewero a atatu kwa atatu, amene amachitikira pa dengu limodzi ndi malire a masekondi 12 ndipo analowa mu Olympics ku Tokyo, ndi chida chabwino pa zimenezi, chifukwa anthu 6 okha akabwera zokonzekera zimachitikabe, ndipo aliyense amagwira mpira kambiri.

Kodi luso la netball ndi la mpira wamiyendo n'lothandiza kapena n'chopinga?

Lili mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito ya kochi ndi kudziwa cholandira ndi chochotsa. Mtsikana wochokera ku netball anaphunzira masewera amene salola kuyenda ndi mpira kapena kuunjanjitsa, amene amalamula kuti mpira uchoke m'manja pasanathe masekondi atatu, ndiponso amene amaika wotchinga pa mtunda wa mamita 0.9 kuchokera kwa wogwira mpira. N'chifukwa chake akalandira mpira pa bwalo la basketball amatera bwino, phazi limodzi n'kukhazikika pansi, maso ali kale pa mnzake womasuka, ndipo akangopatsira amathamangira malo ena popanda kuuzidwa. Zimenezi ndi zinthu zimene makochi a kwina amavutika nazo zaka kuti azilowetse mwa ana amene anazolowera kunjanjitsa mpira mutu uli pansi. Koma mtsikana yemweyo akafika pafupi ndi dengu amaima chilili, n'kukweza mpira pamwamba pa mutu ndi manja awiri, kudikira mpata umene ku netball lamulo limamupatsa, ndipo wotchinga amangoumenya mpirawo. Sadziwa kugwiritsa ntchito bolodi la kumbuyo kwa dengu chifukwa goli la netball lilibe bolodi. Akakhala wotchinga amabwerera m'mbuyo m'malo moyandikira. Ndipo ngati ankasewera pakati kapena kumbuyo, n'kutheka kuti sanaponyepo pa masewero enieni, pakuti ku netball osewera awiri okha ndiwo amaloledwa kugoletsa.

Kochi amene walandira atsikana 8 otere ndipo akuumirira dongosolo lodalira wosewera mmodzi wonjanjitsa mpira mozungulira mnzake womutchingira, ngati limene limaoneka pa TV, amataya chuma chimene ali nacho n'kumafuna chimene alibe. Chomuyenera ndi kasewero ka kupatsirana msanga ndi kudula molunjika ku dengu, mpira usakhudze pansi kupatula pamene pafunika, uku nthawi yambiri ya zokonzekera ikupita ku zinthu zitatu zimene zikusowa: kuponya mothamanga pogwiritsa ntchito bolodi ndi dzanja lililonse, kunjanjitsa mpira kawiri kapena katatu pothawa wotchinga, ndi kulola kuti matupi agundane polimbirana mpira wobwerera kuchokera ku dengu.

Mnyamata wa mpira wamiyendo amabwera ndi mpweya wautali, amadziwa kutambasula bwalo, amamvetsa kupatsa n'kuthamangira kutsogolo kuti alandirenso, ndipo lingaliro lopanikiza mdani anthu awiri nthawi imodzi si lachilendo kwa iye. Manja ake ndiwo amatsalira, makamaka lamanzere, ndipo potchinga amathamanga mopingasa miyendo m'malo moyenda cham'mbali mawondo atapindika. Anthu otere amayenera kasewero kothamanga ndi kopanikiza bwalo lonse, ngati kamene Nolan Richardson anatengera chikho ku Arkansas mu 1994, malinga kochi ali ndi osewera 9 kapena 10 oti azisinthana, chifukwa FIBA imatulutsa munthu akalakwa kasanu ndipo kupanikiza kumachulukitsa zolakwa.

Kodi kutchinga kwa zone n'kwabwino kuposa kwa munthu ndi munthu?

Pa kutchinga kwa munthu ndi munthu, wotchinga aliyense amapatsidwa mdani wake woti amutsate kulikonse kumene apite, pamene pa zone aliyense amapatsidwa dera la bwalo ndipo amalimbana ndi aliyense wolowa m'deralo. Zone yofala ndi ya 2-3: awiri amaima kutsogolo, cha ku mapeto a mzere wa maponyedwe aulere, atatu kumbuyo, wamtali kwambiri ali pakati pansi pa dengu. Mpira ukapita kumbali ya kumanja, wa kumbuyo wa mbali imeneyo amatuluka pang'ono kuti woponya asamasuke, n'kudikira kuti wa kutsogolo afike, kenako amabwerera ku ngodya yake. Wapakati amasendera mbali ya mpira, ndipo awiri a kumanzere amalowa mkati kutseka mipata. Asanuwo akamayenda pamodzi ngati omangidwa ndi chingwe chimodzi, adani amangozungulira kunja. Malo ake ofooka ndi atatu: pakati pa mzere wa maponyedwe aulere, pamene mdani wodziwa kupatsira akalandira mpira zone yonse imamuunjikira n'kusiya ena, m'ngodya za bwalo, ndi pa mpira wobwerera kuchokera ku dengu, chifukwa palibe amene ali ndi munthu wake woti amutsekereze.

Pa bwalo lapanja, pamene mphepo imakhotetsa mpira ndipo oponyera kutali ndi ochepa, zone imapambanitsa masewero ambiri, imasunga mphamvu ndipo imabisa wosewera wofooka. Apa m'pamene pali msampha, chifukwa timu imene yakula ndi zone yokha ikakalowa m'holo n'kukumana ndi oponya enieni, monga zimachitikira m'mipikisano ya mayiko, imapezeka kuti palibe mmodzi wodziwa kuima pamaso pa munthu wake. Kochi wa ku koleji, amene ali mphunzitsi asanakhale wofuna chikho, ayenera kuphunzitsa kaye kutchinga kwa munthu ndi munthu ngakhale kumutayitse masewero ena oyamba, popeza wodziwa kutchinga munthu amaphunzira zone m'masabata ochepa pamene wozolowera zone amatenga miyezi kuti aphunzire kutchinga munthu.

Izi sizitanthauza kuti zone ndi yamanyazi. Jim Boeheim anaigwiritsa ntchito ku Syracuse zaka zambiri n'kutenga nayo chikho mu 2003, ngakhale kuti iye ankasankha dala osewera a mikono italiitali oyenerera dongosololo. Mike Krzyzewski wa ku Duke, amene anaphunzira kwa kochi wake Bob Knight kuti kutchinga kwenikweni ndi kwa munthu ndi munthu ndipo anakhulupirira zimenezo zaka zoposa 30, anatembenukira ku zone mu Januwale 2015 timu yake ya achinyamata itagonja kawiri motsatizana, n'kugonjetsa nayo Louisville, ndipo chaka chomwecho anatenga chikho chake chachisanu.

Timu yopanda anthu aatali ingathe kupikisana?

Ingathe, ndipo chitsanzo chili pafupi. Angola, dziko loyandikana ndi Zambia, inatenga chikho cha AfroBasket maulendo 11 pakati pa 1989 ndi 2013, kuyambira m'nthawi ya kochi Victorino Cunha, kawirikawiri ikugonjetsa matimu aatali kuposa iyo a ku Senegal ndi Nigeria podalira liwiro, kutchinga kolimba, kuponyera kutali ndi osewera amene anakulira limodzi m'makalabu a ku Luanda. Ku America, Jay Wright wa ku Villanova, wosewera wake wamkulu atavulala mu 2005, anaika osewera anayi aafupi pamodzi m'malo mofunafuna wolowa m'malo amene kunalibe, ndipo kasewero kotambasula bwalo kamene kanakula kuchokera pamenepo kanamupatsa zikho mu 2016 ndi 2018. Mtengo wake ndi wakuti onse asanu ayenera kulimbirana mpira wobwerera, chifukwa palibe mmodzi amene angautengere enawo.

Nanga kuponya kwa mapointi atatu, kumene achinyamata amaonera pa foni, n'koyenera kutengera?

Yankho lili m'masamu osavuta. Timu imene ikulowetsa 5 mwa maponyedwe 10 a mapointi awiri imapeza mapointi 10, ndipo kuti ifanane ndi zimenezo kuchokera kunja kwa mzere iyenera kulowetsa limodzi mwa atatu alionse. Ikamalowetsa 4 mwa 10 imapeza 12, koma ikamalowetsa 2 okha imapeza 6, kuwonjezera apo mpira wophonyedwa kuchokera kutali umadumphira kutalinso, n'kupatsa adani mwayi wothamangira ku dengu linalo. Akatswiri a NBA amaponyera kutali chifukwa amalowetsa, ndipo amalowetsa chifukwa amabwereza tsiku ndi tsiku m'holo yopanda mphepo, aliyense ndi mpira wake.

Kochi wa ku koleji safunika kompyuta kuti adziwe choonadi cha timu yake. Wophunzira mmodzi wokhala pa benchi ndi kope, wojambula bwalo n'kumalemba chizindikiro pa malo alionse amene mpira waponyedwera, kusiyanitsa wolowa ndi wophonya, pakatha masewero asanu amakhala ataonetsa amene ali ndi ufulu woponyera kutali, ngodya imene amalowetsera, ndi amene ayenera kuyandikira. Ku yunivesite imene imaphunzitsa mainjiniya, munthu wochita ntchito imeneyi sangasowe, ndipo wosewera amavomera msanga akaona manambala ake kuposa akangokalipiridwa.

Kodi kusintha kumakhudzanso mmene kochi amakhalira ndi osewera?

Mbali imeneyi ndiyo yovuta kuposa mizere ya pa bolodi. Ku America, kuyambira mu 2021 ophunzira amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'mayina ndi zithunzi zawo komanso kusamukira ku yunivesite ina popanda kudikira chaka, ndipo makochi amene ankamanga timu pang'onopang'ono anapezeka akuyambiranso chaka chilichonse. Tony Bennett wa ku Virginia, amene timu yake inagonja mochititsa manyazi kwa timu ya yunivesite ya UMBC mu 2018 n'kutenga chikho chaka chotsatira osasiya kutchinga kwake kothina, anatula pansi udindo mu Okutobala 2024 ali ndi zaka 55, atanena poyera kuti sankadziona ngati woyenera kutsogolera timu m'nyengo yatsopanoyo.

Zimene zikudabwitsa anzake a ku America, kochi wa ku Copperbelt wakhala nazo kuyambira kale, pakuti palibe chikalata chimene chimamanga wosewera wake: angasiye chifukwa fizi yavuta, chifukwa wapeza ganyu, chifukwa kalabu ina ikupereka ya thiransipoti, kapena chifukwa makolo aona kuti mpira ukudya nthawi ya mabuku. Chimene chimamubweza mawa ndi kuona kuti akukula ndiponso kuti akulemekezedwa, ndipo kochi wolamulira ndi mantha amatsala ndi anthu 6 ligi isanafike pakati.

Palinso nkhani ya mwambo. Mwana woleredwa bwino ku Buchi, kaya kwawo amayankhula Chibemba kapena Chinyanja, anaphunzitsidwa kusayankha wamkulu ndi kudikira kuti auzidwe, khalidwe limene limasangalatsa kochi pa zokonzekera koma limamupweteka pa masewero, chifukwa kutchinga kumafuna pakamwa: wa kumbuyo, amene akuona bwalo lonse, ayenera kukuwira wa kutsogolo kuti kumanzere kwake kukubwera womutsekereza, ngakhale wa kutsogoloyo ali wa chaka chomaliza ndipo iye ali wa chaka choyamba. Malamulo a FIBA amakulitsa kufunika kwa zimenezi, popeza kochi kapena womuthandiza wake ndiwo okha amene amapempha nthawi yopuma, amapatsidwa iwiri m'theka loyamba ndi itatu m'theka lachiwiri, ndipo sangaimitse masewero mpira uli m'kati moyenda. Choncho m'mphindi zambiri osewera amayenera kuona vuto n'kulikonza okha. Kochi amene akufuna timu yotere amayamba ndi zokonzekera, pamene nthawi zina amaimitsa mpira n'kufunsa wosewera chimene waona m'malo momuuza, amapereka mphindi zina kuti kapitawo atsogolere, ndipo amagwirizana ndi timu yonse pa mawu afupiafupi okuwira m'bwalo, m'chilankhulo chilichonse chimene chimatuluka msanga pakamwa pa ambiri, n'kulamula kuti wa chaka choyamba amene wakhala chete abwereze ntchitoyo mofanana ndi amene waphonya munthu wake.